Kudzutsa thirakitala yakale: ndalama zoyamba zipite ku mawaya

Nyengo yokolola ikafika, phindu la wamalonda limathera pa mayendedwe. Chimanga chogulidwa motchipa kumudzi chimafika pamsika chitakwera kale mtengo chifukwa cha galimoto, ndipo pali misewu ina imene eni malole amakana kulowamo ngakhale atalonjezedwa ndalama zabwino. M'misewu yotereyi imalowa ndi thirakitala yokoka ngolo. Imanyamula matumba a soya ndi mtedza, mabelo a fodya, ndipo zokolola zikatha imatembenukira ku njerwa, mchenga ndi miyala ya omanga nyumba. Mvula ikayandikira imalowa m'minda ya anthu kukalima pa mtengo wa pa ekala. Nchifukwa chake amalonda ena, paokha kapena atasonkherana pagulu, amasakasaka mathirakitala akale amene agona zaka pansi pa mitengo m'maesiteti a ku Kasungu, Mchinji ndi madera ena, nkuwagula kuti awadzutse.

Ambiri mwa mathirakitala amenewa ndi ofiira aja a Massey Ferguson, ndipo kudziwako mbiri yawo kumathandiza pogula zipangizo. Kholo lawo ndi Ferguson TE20, kathirakitala kotuwa komwe kankapangidwa ku Coventry m'dziko la England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo chiwerengero chake chinaposa 500,000. Kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi ya Massey-Harris mu 1953, ndipo mu 1964 kunatuluka MF 135 pamodzi ndi mkulu wake MF 165. MF 135 ya dizilo ili ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu yotchedwa AD3.152. Dzina limeneli ndi loyenera kulilemba penapake, chifukwa injini ya mtundu womwewu ndi imene ili mu MF 240 yopangidwa ndi kampani ya Millat ku Lahore m'dziko la Pakistan, ndipo ku India kampani ya TAFE yakhala ikupanga mathirakitala a Massey Ferguson kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Choncho zipangizo zatsopano za injiniyi sizinasiye kupangidwa. Ofiirawa ali ndi anzawo abuluu a Ford, monga 4000 ndi 5000, ochokera ku Basildon, a m'zaka zomwezo. Wogula thirakitala ya dzina lachilendo chifukwa choti yatchipa adziwiretu kuti tsiku lina adzayenda sitolo ndi sitolo ku Limbe kapena ku Malangalanga, chitsulo chothyoka chili m'manja, aliyense akungopukusa mutu.

Pafupifupi thirakitala yakale iliyonse imapezeka mawaya ake atatheratu, ndipo chifukwa chake ndi chosavuta kumva. Injini ya dizilo ya nthawi imeneyo siifuna magetsi kuti iziyenda. Ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo, pampu yake ya dizilo imazunguzidwa ndi magiya, ndipo poizimitsa dalaivala amangokoka kachitsulo kotseka mafuta. Magetsi amafunika poiliza ndi pa nyali basi. Ndiye waya akaduka palibe amene amadandaula. Dalaivala amaimika thirakitala pamtsetse madzulo kuti m'mawa atsetsereke nayo, kapena amabwereka batire la minibasi. Chaka ndi chaka mawaya amauma ndi kutentha, makoswe amatafuna ena, oyilo amafewetsa ena, ndipo wokonza aliyense amasiyapo waya wakewake womangidwa ndi chidutswa cha jumbo.

Kwa esiteti imene inali ndi mathirakitala asanu, zimenezo zinali zopiririka. Kwa wamalonda amene ali ndi imodzi yokha, ndi kutaya ndalama tsiku ndi tsiku. Thirakitala yosalira yokha siingazimitsidwe pamalo opakira katundu, ndiye imangolira ola lathunthu ikumwa dizilo pamene anyamata akukweza matumba. Ikazima kudambo kopanda mtsetse, tsikulo lapita. Batire losatchajidwa limafa msanga, pomwe ndi chimodzi mwa zinthu zodula. Yopanda nyali siingayende mbandakucha kapena chisisira chitagwa, nthawi imene katundu wa pamsika amayenda, ndipo ngolo yopanda nyali zakumbuyo pa msewu wa M1 usiku amaiona atafika kale pomwepo ndi a njinga zamoto ndi a minibasi. Palinso moto. Pa mathirakitala amenewa thanki ya dizilo ili pamwamba pa injini, batire lili pafupi pomwepo, ndiye waya wosenduka akakhudza chitsulo, mpamba wonse umatha mphindi zowerengeka.

Asanatulutse ndalama

Mawaya oipa asamuwopseze wogula. Ndi ntchito yotchipa poyerekeza ndi injini kapena magiya, ndipo ndi chifukwa chabwino chonenerera mtengo. Zoopsa zenizeni zili kwina. Wogula apite ndi batire lake lodzadza ndi makaniko wake, ndipo akafika akhudze injini ndi dzanja kuti aone ngati ili yozizira, chifukwa injini yotha imalira bwino ngati wogulitsa waitenthetseratu. Ikalira ayang'ane kapaipi kopumira ka injini. Utsi wambiri wotuluka pamenepo ukusonyeza kuti maring'i ndi masilinda atha. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti walowa madzi. Mu injini, vutolo likhoza kukhala gasiketi kapena mng'alu. M'bokosi la magiya la Massey Ferguson madzi a mvula amakonda kulowera pa timphira tong'ambika ta m'tsinde mwa ndodo za magiya, ndipo popeza oyilo yemweyo ndi amene amagwiritsidwa ntchito ndi pampu yokwezera makasu kumbuyo, pampuyo imavutikira limodzi. Akoloweke pulawo, aikweze, azimitse injini. Ikatsika msangamsanga, m'katimo muli ntchito. Matayala akuluakulu akumbuyo awerengedwe pa mtengo wa m'sitolo wa sabata imeneyo, chifukwa awiriwo akhoza kudya ndalama zoposa za mawaya onse, sitata ndi batire kuphatikiza pamodzi. Nambala za pa thirakitala ndi pa injini zifanane ndi za m'mapepala, ndipo wogulitsa asonyeze kuti ndi yakedi. Thirakitala ya pa esiteti ya malemu imakhala ndi eni ake ambiri, ena amatulukira itapakidwa kale penti.

Ma Massey Ferguson ena ali ndi kandodo kolembedwa Multi-Power. Otere salira powakankha kapena powakoka, ndipo kandodoko kakakhala pa Low injini siigwira thirakitala pamtsetse, imangothamanga ngati ili pa fulii. Kwa munthu wofuna kukoka ngolo ya njerwa kumapiri a ku Dedza kapena ku Ntcheu, ichi ndi chinthu choti dalaivala achidziwe asanakwerepo.

Ethi ili mbali iti?

Magetsi amayenda mozungulira. Amachoka ku batire, amadutsa mu waya kupita ku babu kapena ku sitata, nkubwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha thirakitala yomweyo. Mutu wa batire umene walumikizidwa ku chitsulocho ndi umene amakaniko amati ethi. Pa magalimoto a masiku ano ethi ili ku mayinasi. Koma magalimoto ndi mathirakitala ambiri a ku Britain a m'zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960 anatuluka ethi ili ku pulasi, ndipo ma TE20 oyambirira anali a mavoliti 6, osati 12. Pa zaka zonsezi manja ambiri adutsapo, ndiye buku silingauze munthu mmene thirakitala yakeyo ilili lero. Ayang'ane ndi maso kuti nthambo yaikulu yomangidwa ku chitsulo ikuchokera ku mutu uti. Mutu wa pulasi ndi wonenepa pang'ono kuposa wa mayinasi, ndipo mano a nthambo amasonyeza zimenezo ngakhale batire palibe.

Funso la ethi limayendera limodzi ndi la chotchajira. Mathirakitala amenewa anabwera ndi dainamo, kawirikawiri ya Lucas, yaitali ngati mtondo waung'ono, yokhala ndi polumikiza pawiri polembedwa D ndi F, komanso kabokosi kake kapadera kowongolera magetsi. Ya mtundu wa C40 imapereka maampu 22 ikathamanga bwino, koma injini ikamayenda pang'onopang'ono siitchaja kanthu. Alternator ndi yaifupi, yonenepa, ya aluminiyamu, chowongolera chake chili m'kati, ndipo imatchaja ngakhale injini ili pansi. Ya Lucas 18ACR imapereka maampu 45. Ku Britain anthu osunga mathirakitala akale a pa zionetsero amasiya dainamo kuti thirakitala ioneke monga inatulukira ku fakitale. Wamalonda sakupita ku chionetsero. Thirakitala yake imaima ndi kulira kakhumi pa tsiku, imayenda pang'onopang'ono m'misewu ya makumbi, ndiye alternator ndi imene ikumuyenera. Ya galimoto yophwasulidwa ya pa msika wa Ndirande ikhoza kugwira ntchito, bola ikayezedwe kaye, ndipo pule yake ikhale mzere umodzi ndi mapule a injini, apo ayi idzadya lamba mwezi uliwonse. Eni ma Ford 4000 ndi 5000 adziwe kuti chingwe cha mita yowerenga maola ndi liwiro la injini chimazunguzidwa kumbuyo kwa dainamo, ndiye akaichotsa mitayo imafa pokhapokha agule alternator yokhala ndi polowetsa chingwecho.

Alternator ili ndi malamulo ake. Imafuna ethi ya ku mayinasi, ndiye pa thirakitala ya ethi ya ku pulasi batire liyenera kutembenuzidwa. Sitata yakale imazungulira mbali yomweyo ngakhale batire latembenuzidwa, mababu wamba nawonso sasamala, koma nyali za LED zimasankha mbali. Kabokosi ka dainamo kachotsedwe. Ndipo pakati pa kiyi ndi polumikiza paling'ono pa alternator payenera kukhala kababu kofiira ka mawati awiri. Ambiri amakayesa kokongoletsa, pomwe ndi kudzera m'kababu kameneka mmene alternator imalandirira magetsi ochepa oyambira ntchito. Kakapsa kapena kakasowa, alternator yabwinobwino imatha kukhala osatchaja, mwini wake nkukagula ina pachabe. LED siigwira bwino pamalo amenewa chifukwa imadutsitsa magetsi ochepa kwambiri. Batire likalumikizidwa mozondotsa ngakhale kamphindi, alternator imapsa. Kuchotsa nthambo ya batire injini ikuyenda, monga amachitira ena pofuna kuona ngati ikutchaja kapena pobweza batire lobwereka, nakonso kumaipha.

Amene ndalama zamuchepera ndipo dainamo yake ikadali yamoyo akhoza kuisiya. Imalola ethi ya mbali iliyonse, koma ikachotsedwa, ikakonzedwa kapena batire likatembenuzidwa, iyenera kuuzidwanso mbali yake. Mawaya a pa D ndi F achotsedwe, kenako waya wochokera ku mutu wa batire umene si wa ethi akhudzitsidwe pa F kamphindi kochepa, kawiri kapena katatu, mpaka kamoto kathetheke. Mawaya abwezeretsedwe. Ntchito ya mphindi imodzi imeneyi ikaiwalika, kabokosi kowongolera kamatha kupsa.

Pogula waya

Apa ndi pamene amalonda amaberedwa, ngakhale iwo eni ndi akatswiri a mitengo. Waya wa m'nyumba, uja wa mtima umodzi wolimba, si wa pa thirakitala. Kunjenjemera kwa injini ya masilinda atatu kumamuthyolera m'kati mwa pulasitiki momwe diso silingaone. Wofunika ndi waya wa galimoto wa tinsinga tambirimbiri ta mkuwa. Koma m'misika mwadzadza waya wa aluminiyamu wongokutidwa mkuwa pamwamba. Amaoneka wofiirira bwino, mtengo wake ndi wokopa, koma amadutsitsa magetsi ochepa, amatentha, ndipo amafumbwa polumikiza. Kumuzindikira sikovuta: kukanda tinsingato ndi mpeni, m'kati mukaoneka moyera ndiye kuti si mkuwa. Akayatsidwa ndi machesi tinsinga ta aluminiyamu timapindika ndi kuthothoka, ta mkuwa timangoda. Mpukutu wake ndi wopepuka m'manja. Wina amakhala wonenepa pulasitiki yekha, ndiye wogula ayang'ane podulidwa, osati kunja.

Kunenepa kwa waya kumatsata maampu amene adzanyamule, ndipo masamu ake ndi a pa sitolo pomwepo: mawati kugawa ndi mavoliti. Babu la kutsogolo la mawati 55 pa mavoliti 12 limakoka maampu pafupifupi 4.6, awiri pamodzi kupitirira 9. Waya wa 1 mm² amanyamula pafupifupi maampu 8, wa 2 mm² pafupifupi 17, wa 3 mm² pafupifupi 27. Ndiye wa 1 mm² akwanira pa nyali zakumbuyo ndi za pa mamita, wa 2 mm² pa nyali zakutsogolo ndi hutala, wa 3 mm² popita ku kiyi, ndipo wochokera ku alternator asachepere 6 mm². Nthambo ziwiri zikuluzikulu za batire, ya ku sitata ndi ya ethi, zikhale za 35 mm² kapena kuposa, ndipo zikhale zazifupi. Sitata ya dizilo imakoka maampu mazanamazana. Nthambo ya kagalimoto kakang'ono ikaikidwa pamenepo, sitata imazungulira mwaulesi, mwini wake nkumanena kuti batire latha.

Mitundu ya mawaya nayonso ili ndi ntchito. Magalimoto a ku Britain ankatsata dongosolo limodzi, ndipo kulitsata kumathandiza wokonza wa chaka chamawa. Wa bulauni ndi wochokera ku batire, amakhala ndi moto nthawi zonse. Woyera amakhala ndi moto kiyi akatsegulidwa. Woyera wa mzere wofiira ndi wopita ku solenoidi ya sitata. Wa bulauni wa mzere wachikasu ndi wa kababu ka kutchaja kaja. Wabuluu ndi wa nyali zakutsogolo, wofiira wa nyali zakumbuyo, wakuda wa ethi. Mitundu yonse siipezeka nthawi zonse, koma kulumikiza thirakitala yathunthu ndi mpukutu umodzi wofiira ndi kudzitchera msampha. Mtundu ukasowa, waya alembedwe dzina pa kapepala komatidwa mbali zonse ziwiri. Pa MF 135 ndi ma Ford aja amagulitsanso mtolo wa mawaya wolukidwa kale. Wogula anene ngati akufuna wa dainamo kapena wa alternator, chifukwa ndi yosiyana.

Kuchotsa zakale, kuika zatsopano

Choyamba kuchotsedwa ndi nthambo ya ethi pa batire, ndipo ndi imene imabwezeretsedwa pomaliza. Sipanala ikakhudza chitsulo pomasula mutu wa ethi palibe chimene chimachitika, koma ikakhudza pomasula mutu winawo ethi ikadali pamalo pake, imawotcherera pomwepo ndipo batire likhoza kuphulika, popeza limatulutsa mpweya woyaka. Mphete ndi wotchi ya chitsulo zivulidwe. Asanadule waya aliyense, wokonza ajambule ndi foni kuseri kwa mamita, pa sitata ndi pa dainamo, kenako alembe papepala mmene mawaya atsopano adzayendere. Kuzigamba mawaya akale ndi kutaya nthawi. Pa thirakitala yotere mawaya onse sapitirira makumi awiri kapena atatu, ndiye ndi bwino kuzula onse.

Njira za magetsi zilipo zitatu, ndipo ziikidwe imodziimodzi. Yoyamba ndi yolizira. Nthambo yaikulu ichoke ku pulasi kupita pa bauti lalikulu la solenoidi. Pa bauti lomwelo pachoke waya wa bulauni kupita ku kiyi, ndipo kuchokera ku kiyi waya woyera wa mzere wofiira adutse pa swichi yachitetezo asanafike polumikiza paling'ono pa solenoidi. Injini za Perkins zilinso ndi kachipangizo kotchedwa Thermostart pa paipi yolowetsa mpweya. Kiyi akagwiridwa pamalo ake otenthetsera kwa masekondi 15 kapena kuposerapo pang'ono, kamatenthetsa ndi kuyatsa timadontho ta dizilo kuti injini ipume mpweya wofunda. M'mawa wa June ndi July kumadera ozizira kamapulumutsa batire ndi sitata. Kamakoka magetsi ambiri, ndiye waya wake asakhale wowonda.

Swichi yachitetezo ija ndi yoyenera kuikambapo bwino, chifukwa ndi imene okonza ambiri amaidumpha. Pa MF 35 ndi MF 135 imakhala pa bokosi la magiya, ndipo imalola sitata kuzungulira pokhapokha kandodo kakang'ono ka High ndi Low kali pakati, pa S. Ikafa, njira yachidule ndi kulumikiza mawaya ake awiri pamodzi, kapena kuliza injini ndi sikuludiraiva pa solenoidi. Koma munthu woliza ndi sikuludiraiva amaima pansi, pakati pa tayala lakutsogolo ndi tayala lalikulu lakumbuyo. Ngati wina anasiya giya, injini ya dizilo imalira nthawi yomweyo ndipo tayala lalikululo limamukwera asanasunthe phazi. Anthu afa motere m'maiko ambiri. Swichiyi ndi kachinthu kotchipa, ndipo mwini thirakitala aumirire kuti iikidwe, aiyesenso yekha: alowetse giya, akhale pampando, aponde kilatchi, apotoze kiyi. Sitata iyenera kukhala chete.

Njira yachiwiri ndi yotchajira. Mathirakitala akale anali ndi mita ya maampu yolekezera pa 30, imene magetsi onse ankadutsamo. Alternator imapereka oposa pamenepo, ndiye chanzeru ndi kutenga waya wa 6 mm² kuchokera pa alternator molunjika kupita pa bauti lalikulu la solenoidi, nkuika mita ya mavoliti pamalo pa ya maampu ija. Amene wasiya mita yakale atatembenuza batire asinthanitse mawaya ake awiri, apo ayi idzasonyeza kuti batire likutha pomwe likutchajidwa.

Yachitatu ndi ya nyali ndi hutala, ndipo apa ndi pofunika mafyuzi. Mathirakitala ambiri akale anali ndi fyuzi imodzi kapena analibiretu. Kabokosi ka mafyuzi anayi kapena asanu ndi limodzi, aja ogwiritsidwa ntchito m'magalimoto a masiku ano, kamakwanira: nyali zakutsogolo, zakumbuyo ndi za ngolo, ma indiketa ndi mabuleki, hutala ndi potchajira foni. Fyuzi imateteza waya, ndiye ikhale yocheperapo kuposa mphamvu ya wayayo koma yoposa maampu a katundu wake. Pa nyali ziwiri za mawati 55 zodutsa pa waya wa 2 mm², fyuzi ya maampu 15 ndi yoyenera. Fyuzi ikamapsa mobwereza ndiye kuti penapake waya wasenduka. Kuikapo msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndi kusamutsira motowo ku waya. Kumbuyo kuikidwe soketi ya mabowo asanu ndi awiri ya ngolo, ndipo ethi ya ngolo idutse mu waya wakewake. Kudalira chitsulo cha pokokera kumachititsa nyali kuphethira pa bampu iliyonse. Zonyezimira zofiira kumbuyo kwa ngolo zikhalepo ndithu, chifukwa zimagwira ntchito ngakhale waya ataduka.

Ntchito yabwino imaoneka polumikiza. Waya wongopotedwa ndi zala nkukulungidwa tepi amamasuka tepi ikangolawa dizilo. Kumapeto kwa waya aliyense kukhale kachitsulo kolumikizira kofinyidwa ndi pulayazi yake, ndipo wokonza akoke waya aliyense kuti aone ngati wagwira. Podutsa pa bowo la chitsulo paikidwe kamphira, ngakhale kachidutswa ka paipi ya mafuta. Mtolo wonse ulowe m'paipi ya pulasitiki, umangidwe patalipatali ndi ekizozi, lamba ndi ndodo za chiwongolero, koma usakokedwe zolimba. Pomanga ethi pakwechedwe mpaka chitsulo chiwale, bauti limangidwe, girizi apakidwe pamwamba pake. Malo abwino a nthambo yaikulu ya ethi ndi pa injini kapena pa bokosi la magiya pafupi ndi sitata, osati pa malata.

Zonse zikatha, nthambo ya ethi isamangidwe kaye. Pakati pa nthamboyo ndi mutu wa batire palumikizidwe babu la mawati 21, kiyi ndi maswichi onse ali otseka. Babu likayaka, penapake pali shoti kapena waya wasokera, ndipo zadziwika popanda chopsa. Likakhala lozima, nthambo imangidwe. Kenako mita yoyezera magetsi, yomwe ndi yotchipa kuposa batire limodzi lowonongeka, inene zoona. Batire lodzadza limene lapuma limasonyeza mavoliti 12.6, la theka limasonyeza cha m'ma 12.2. Sitata ikamazungulira lisatsike kupitirira 9.6. Injini ikamayenda, alternator yabwino imasonyeza pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ngati sitata ikadali yaulesi batire lili bwino, mita iikidwe pakati pa mutu wa pulasi ndi bauti la pa sitata pamene wina akuliza. Ikasonyeza kuposa theka la voliti, magetsi akutayikira mu nthambo kapena polumikiza. Kuyeza komweko kuchitikenso mbali ya ethi. Masitata ambiri amene amaphwasulidwa alibe mlandu, wolakwa ndi dzimbiri pa mano a nthambo.

Zotsala za kudzutsa thirakitala ndi zodziwika kwa makaniko aliyense: oyilo watsopano mu injini ndi m'magiya, masefa atsopano, kutsuka thanki ndi rediyeta, kuchotsa mpweya m'mapaipi a dizilo. Pampu ya dizilo ndi manozo zipite kwa amene ali ndi makina oyezera, zisaphwasulidwe pansi pa mtengo, ndipo podontha pa paipi ya ku manozo pasafufuzidwe ndi chala, chifukwa dizilo amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Mabuleki akonzedwe thirakitala isanakoke katundu woyamba, ndipo pa msewu zopondera ziwiri zija zikhale zokolowekedwa pamodzi. Ngolo imangidwe pa chokokera cha m'munsi. Ikamangidwa pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, thirakitala imadzuka kutsogolo nkugwera chagada. Wowotcherera akabwera kudzakonza bulaketi kapena ngolo ili pa thirakitala, batire ndi alternator zimasulidwe kaye. Penti ndi womaliza, ndipo akhoza kudikira mpaka thirakitala itabweza ndalama za matayala. Akapakidwa, pomanga ethi ponse pakwechedwenso, chifukwa penti sadutsitsa magetsi.

Pa mgwirizano ndi wamagetsi, mtengo wa ntchito ukambidwe padera ndi wa zipangizo, ndipo mwini thirakitala akagule yekha waya, kapena apite nawo limodzi ndi mpeni m'thumba. Zochotsedwa zonse zibwerere kwa mwini. Dainamo ndi kabokosi kake zili ndi ogula pakati pa eni mathirakitala ena, batire lakufa ndi mkuwa wa m'mawaya akale amazigula pa sikelo ogula zitsulo zakutha. Pepala losonyeza mmene mawaya ayendera ndi gawo la ntchito imene yalipiridwa, ndiye lijambulidwe ndi foni, lenilenilo lisungidwe pamodzi ndi mapepala a thirakitala. Gawo lomaliza la malipiro liperekedwe m'mawa wotsatira, injini italira yokha ili yozizira, mita itasonyeza mavoliti 14 kapena pafupi pamenepo nyali zonse zili zoyaka, ndiponso sitata itakana kuzungulira giya ili m'kati.